Reel ikamalira ngati chigayo: kufufuza vuto ndi kukonza maberingi ake

Chaka chilichonse chiperoni chikangotha, anzanga owedza amayamba kutulukira pakhonde langa kuno ku Mulanje atanyamula ma reel, timakina tokulungira chingwe pa ndodo yowedzera, m'majumbo. Mawu amakhala omwewo: "Achimwene, yangoyamba yokha, ine ndinaisunga bwinobwino." Ndikaitsegula ndimapeza zinthu zitatu zomwe zija: madzi, fumbi la katondo, ndi girizi wa njinga wopakidwa ngati majarini pa buledi. Pakamwa pandiwawa ndi kubwereza nkhani imodzi, ndiye ndangoti ndilembe.

Mvula imene imakulitsa tiyi kuno ndi ku Thyolo ndi yomweyonso imadya zitsulo. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti chiperoni chimatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka, ndipo reel imene mwaimangira m'jumbo ikadali yonyowa imakhala ngati mwaisiya m'ndowa ya madzi. Okutobala akafika, fumbi la m'misewu ya m'maesiteti limalowa paliponse pamene pali mafuta n'kusanduka phala lokhakhala. Maberingi ambiri amene ndataya sanafe ndi ludzu la oyilo ayi. Anafa ndi chinyontho, ndi mafuta olakwika othiridwa mopyola muyeso.

## Musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe

Konzani izi:

- masikuludiraiva ang'onoang'ono, ngati a okonza mafoni
- mswachi wakale ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi
- sipiriti wapepo uja, ndi kabotolo kagalasi kokhala ndi chitsekerero
- oyilo wopepuka wa reel. Akasowa, wa makina osokera amagwira, telala aliyense ali naye
- girizi wofewa wa reel
- thireyi ya mazira yoikamo tizitsulo motsatana ndi mmene mwatichotsera
- foni, kuti muzijambula musanachotse chilichonse

Lamulo ndi lalifupi: oyilo ndi wa zozungulira mothamanga, girizi ndi wa mano a magiya. Mafuta ophikira, oyilo wa injini ndi girizi wakuda wa galimoto zisayandikire. WD-40 ndi wabwino pothamangitsa madzi ndi kumasula sikuluwu yadzimbiri, koma amasungunula girizi n'kuuma, kusiya beringi ili gwa.

Pa bokosi la reel pakalembedwa kuti 5+1, ndiye kuti muli maberingi asanu a timipira, ndipo imodzi yapaderayo ndi ija yoletsa handulo kubwerera m'mbuyo. Mu reel wamba ya sipulu yakutsogolo (sipulu ndi pamene chingwe chimakulungidwa), awiri amakhala mbali ndi mbali ya giya yaikulu, imodzi kapena awiri pa giya yaing'ono imene imazunguza rotor (mbali yozungulira imene imakulunga chingwe pa sipulu), ndipo otsalawo amakhala m'kagudumu kodutsapo chingwe, m'kachogwirira ka handulo kapena pansi pa sipulu. Ma reel otchipa amaika timphete tapulasitiki kapena tamkuwa m'malo ena mwa amenewa.

Khutu ndi chala zimakuuzani kumene kuli vuto musanatsegule:

1. Chotsani sipulu, pukusani handulo. Phokoso likatha, nkhani ili pa sipulu.
2. Zunguzani kachogwirira ka handulo pakokha, handulo mutaigwira.
3. Dutsitsani kachingwe pa kagudumu kaja, kokani uku ndi uku. Kazizungulira mosavuta.
4. Zonsezi zikakhala bwino koma phokoso likadalipo, vuto lili m'mimba mwa reel.

## Ikukukuta ngati ikutafuna mchenga

Ili ndiye dandaulo la anthu ambiri. Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Fumbi kapena mchenga m'beringi. Zimachitika kwambiri kwa amene amagoneka ndodo pansi m'mphepete mwa Ruo kapena Thuchila akamakola nyambo. Chotsani beringi, isomekeni kunsonga ya pensulo, muizunguze pang'onopang'ono ndi chala. Yabwino imayenda myaa. Yamchenga imagwiragwira malo osiyanasiyana. Itsukeni monga ndafotokozera m'munsimu.

2. Dzimbiri. Mukaona madzi ofiirira akutuluka poviika, kapena beringi ikugwira ngakhale mwaitsuka katatu, timipira tadyeka. Palibe oyilo amene amabwezera chitsulo chodyeka. Oyilo amangotontholetsa phokoso kwa maulendo awiri, kenako limabwerera. Gulani ina.

3. Yangouma. Imalira mopyapyala, tswii, koma siigwira. Dontho limodzi la oyilo, nkhani yatha.

4. Mano a magiya atha. Apa beringi imangonamiziridwa. Chizindikiro chake n'chakuti kugwirako kumabwera pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse handulo ikazungulira, kapena mumamva kanjenjenje m'dzanja mukamakoka nsomba yolemera. Pukutani girizi yense pa giya yaikulu, muyang'ane mano padzuwa. Akakhala ophwanyika nsonga kapena girizi akunyezimira tizidutswa tachitsulo, magiya onse awiri ayenera kusinthidwa pamodzi. Kusintha imodzi yokha n'kutaya ndalama, chifukwa yakaleyo imadya yatsopano.

5. Shafiti yapindika. Kawirikawiri reel inagwa chamutu kapena inapondedwa pa minibasi. Sipulu imakhula rotor ikamakwera ndi kutsika. Musaiwongole ndi pulayazi.

### Katsukidwe ka beringi

Maberingi ambiri ali ndi tizivundikiro tachitsulo mbali zonse ziwiri. Tina timagwidwa ndi kawaya kozungulira kochepa ngati tsitsi, kamene mungakatokose ndi nsonga ya mbedza kapena singano. Chitani zimenezi manja ali mkati mwa jumbo yoonekera mkati, chifukwa kawayako kakadumpha simudzakaonanso. Ine ndinakwawapo pakhonde theka la ola ndi tochi ya foni, ana akundiseka, ndipo kanapezeka patapita sabata m'tsache. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizivundikiro tina n'tokhomerera, tilibe kawaya. Timeneto musatichotse, mungoviika beringi momwemo.

- Ikani beringi m'kabotolo ka sipiriti kwa mphindi 10 mpaka 15, muzikhutchumula.
- Sinthani sipiriti mpaka asiye kuda.
- Girizi akakhala wouma kwambiri, yambani ndi parafini, koma malizani ndi sipiriti chifukwa parafini amasiya mafuta ake.
- Iumitseni papepala loyera. Iume ndithu, osati kungooneka youma kunja.
- Iyeseninso pa pensulo. Ikamayenda myaa, thirani dontho limodzi la oyilo, muizunguze kuti alowe, n'kupukuta wotsala kunja.

Dontho limodzi ndikutanthauza limene limagwa kunsonga ya singano kapena kamtengo ka machesi, osati kufinya botolo.

Petulo ndimakana. Kupatula ngozi ya moto, amawononga timphete tarabala ndi pulasitiki. Komanso musapite nayo kwa okonza matayala kuti aipemerere ndi kompuresa: beringi youma ikazunguzidwa ndi mpweya wamphamvu imalira mokoma ngati mluzu, koma timipira timakhala tikudzikanda.

### Pogula yatsopano

Beringi imadziwika ndi manambala atatu a mamilimita: bowo lamkati, kukula kwakunja, ndi kunenepa. Mwachitsanzo 5x10x4, 5x11x4 kapena 3x10x4. Musayeze ndi rula ya kusukulu, kusiyana kwa milimita imodzi n'kokwanira kuti isalowe. Tengani yakaleyo, akaiyeze ndi veniya, chida choyezera tizitsulo molondola. Zilembo ZZ zikutanthauza tizivundikiro tachitsulo mbali zonse, 2RS ndi tarabala. Tarabala timatchinga madzi bwino koma timalemeretsa pang'ono kazunguliridwe. Chofunika koposa kwa ife a kuno ndi chitsulo chake: funsani ya stainless, yosachita dzimbiri msanga. Pa manambala ambiri imayamba ndi S, monga SMR105ZZ, pamene MR105ZZ ndi saizi yomweyo koma yachitsulo wamba chimene chiperoni chimodzi chimachimaliza. Masaizi ang'onoang'onowa sapezeka nthawi zonse m'masitolo a maberingi ku Limbe ndi ku Blantyre, ndiye mukapeza gulani awiriawiri, kapena tumani wachibale wochokera ku Johannesburg.

## Handulo ikulemera, koma phokoso palibe

1. Girizi wachuluka kapena ndi wolimba. Mudzaona kuti m'mawa wa Juni kapena Julayi imalemera kwambiri, dzuwa likakwera n'kupepukako. Tsegulani chivundikiro cham'mbali, kokolani girizi yense, pakani watsopano pa mano okha ndi kamswachi, wongokwanira kuti mano anyezimire. M'mimba mwa reel si mofunika kudzaza.

2. Girizi wasakanikirana ndi madzi. Amaoneka woyererako ngati mkaka wogona. Chotsani yense, ndipo yesani beringi iliyonse payokha, chifukwa madzi amene anafika pamenepo sanasiye maberingi.

3. Wina anathira mafuta ophikira. Sabata yoyamba imayenda bwino zedi, n'chifukwa chake anthu amakhulupirira. Pakapita miyezi amasanduka ulimbo, ndipo fungo lake mumalimva mukangotsegula. Nthawi ina ndinapeza ngakhale nyerere mkatimo. Parafini, sipiriti, kenako kuyambiranso.

4. Chingwe chadzikulunga pa shafiti pansi pa sipulu kapena kuseri kwa rotor. Yang'anani apa musanatsegule kwina kulikonse, pamangofunika lezala.

5. Munaibwezera molakwika. Ikayamba kulemera mutangoikonza, ndiye kuti beringi yakhala mopendekeka, kawasha kopyapyala kapita mbali ina, kapena nati ya rotor mwaimanga ndii. Bwererani ku zithunzi zanu. Dziwaninso kuti pa ma reel ena nati ya rotor imamasukira kumanja, mosemphana ndi nati wamba. Ikakana, yesani mbali inayo musanaonjezere mphamvu.

## Handulo ikubwerera m'mbuyo

Ili ndi vuto lopweteka mtima chifukwa limaonekera pamene nsomba yadya. Linandionekera ndekha pa Ruo, mlamba wabwino ndithu utakoka: ndinati ndikoke ndodo, handulo inangoti phwii kubwerera, kundimenya chala, chingwe n'kusokonekera, mlamba n'kupita. Wolakwa ndinali ine ndemwe. Dzulo lake ndinali nditapaka girizi paliponse pamene diso linaona.

Beringi yoletsa kubwerera ilibe timipira. Muli timiphini tachitsulo timene timalola shafiti kupita mbali imodzi, n'kuiluma ikafuna kubwerera. Kuti tilume, pafunika chitsulo chikhudze chitsulo.

1. Kaswitchi kolola handulo kubwerera m'mbuyo kali potsegula. Musaseke, anthu abwera nazo kuchokera ku Luchenza chifukwa cha kameneka. Kamakhala pansi kapena kumbuyo kwa reel. Ma reel ena atsopano alibe.

2. Girizi kapena oyilo wambiri walowamo. Timiphini timaterereka, makamaka kukazizira. Tsukani ndi sipiriti, umitsani, ndipo pakani oyilo wongonyowetsa pa kachubu kamene timiphinito timaluma. Girizi asafikepo ngakhale pang'ono.

3. Dzimbiri pa kachubu kaja kapena pa timiphini. Likakhala lapamwamba limachoka ndi kansalu ka oyilo. Pakakhala timaenje, sinthani.

4. Mwaiika chadodolido. Mudzadziwa msanga: handulo imakana kupita kutsogolo koma kumbuyo ikuyenda. Itembenuzeni.

5. Tisipuling'i tamkati tathyoka kapena tasowa. Apa imani. Pa ma reel ena mbali imeneyi imaphwasuka yonse mukangomasula tisikuluwu take, timiphini ndi tisipuling'i n'kumwazika patebulo. Ngati simunaonepo mkati mwake, itsukeni osaiphwasula.

Ma reel akale ndi otchipa ena alibe beringi imeneyi, ali ndi kadzino kolira keretekerete. Kameneko vuto lake limakhala kasipuling'i kofooka kapena girizi wouma womata kadzinoko.

## Chingwe chikupotana, kapena ikulira pokhapokha mukukoka

Mukapukusa reel m'nyumba ili zii, koma kumadzi ikulira kwiikwii, pitani molunjika pa kagudumu kodutsapo chingwe. Ndiko kamalandira madzi onse amene chingwe chimabwera nawo, matope ndi ndere zomwe, koma ndiko kamaiwalidwa ndi aliyense. M'madamu a m'maesiteti a tiyi, kwa amene muli ndi chilolezo chowedza nsomba za bass, mumaponya ndi kukoka kambirimbiri tsiku limodzi, ndiye kagudumuka kamagwira ntchito kuposa china chilichonse.

1. Kagwira. Masulani sikuluwu yake imodzi ija, tulutsani tizidutswa motsatana. Tsukani, thirani dontho, bwezerani. Chitani zimenezi pafupipafupi kuposa maberingi ena onse.

2. Chingwe chakumba kanjira. Kagudumu kakakhala kosazungulira nthawi yaitali, chingwe chimakadya. Dutsitsani chikhadabo, kapena kathonje. Kakakodwa, kagudumuko kazidula chingwe chanu. Sinthani.

3. Tiwasha tasemphana pobwezera. Mukamanga sikuluwu kagudumu n'kuima, china chakhala posayenera.

Kagudumu kakakhala bwino koma chingwe chikupotanabe, siyani maberingi. Mwina mukupukusa handulo pamene nsomba ikuthawa ndi chingwe, mwina nyambo yanu yachitsulo ikuzungulira popanda swivel (kachitsulo kozungulira kolumikizira nyambo ku chingwe), kapena chingwe chinakulungidwa molakwika pa sipulu tsiku loyamba.

## Baitcaster yasiya kuponya patali

Pa reel ya mtundu umenewu sipulu imazungulira yokha poponya, ndiye maberingi ake awiri ndiwo moyo wake.

1. Oyilo wachuluka, kapena muli girizi. Tsukani, kadontho kamodzi basi. Yambani apa, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.
2. Fumbi m'maberingi. Imalira mokweza poponya.
3. Mabuleki kapena kachitsekerero kolimbitsa sipulu mwamanga kwambiri. Masulani pang'onopang'ono.
4. Litsiro kapena oyilo m'mphepete mwa sipulu pamene imayandikana ndi thupi la reel. Pukutani pouma.
5. Shafiti ya sipulu yapindika. Imanjenjemera poponya.

Pa ma baitcaster ambiri beringi imodzi imatsekeredwa ndi kapini kopingasa pa shafiti ya sipulu. Kali ndi chopanira chakechake chochotsera. Mukakagogoda ndi msomali ndi hamala, mupinda shafiti kapena kuphwanya mlomo wa sipulu, ndipo sipulu ndi yodula kuposa maberingi khumi. Popanda chopaniracho, tsukani beringiyo ili pomwepo.

## Gwedegwede

Handulo ikamagwedera, yambani mwamanga chitsekerero cha mbali inayo. Ikapitiriza, beringi kapena kamphete ka pambali pa giya yaikulu katha, kapena kawasha kopyapyala kanatayika. Rotor ikamagwedera, onani nati yake, kenako beringi ya giya yaing'ono. Kugwedera pang'ono pa reel yotchipa n'kobadwa nako, musavutike nako.

## Drag ikutulutsa chingwe modukizadukiza

Drag ndi buleki imene imalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono nsomba ikakoka mwamphamvu. Ikavuta anthu amati ndi beringi, koma kawirikawiri ndi mawasha a mkati mwa sipulu. Anyowa, auma, kapena aphwatalala chifukwa reel inasungidwa drag ili yomanga. Ansalu yofewa aja amafuna oyilo pang'ono kapena girizi wa drag. Akuda olukidwa ngati mphasa amafuna girizi wa drag wongopaka n'kupukuta. Girizi wa magiya asalowemo.

## Yagwera m'madzi

Musadikire Loweruka. Tsiku lomwelo:

- Musaipukuse kwambiri, mukungoyendetsa matope mkati.
- Chotsani sipulu ndi handulo, tsegulani chivundikiro, khuthulani madzi.
- Tsukani maberingi onse, sinthani girizi yense.

Amene mumapita ku Chilwa kudzera ku Phalombe, kumbukirani kuti nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ndi amchere. Ngakhale reel isanamire, mukabwerako mangani drag, ipukuteni ndi nsalu yoviika m'madzi abwino, iume, kenako masulani drag. Osaiika pansi pa mpopi wothamanga kapena kuipompa pa mjigo, mphamvu ya madzi imakankhira mchere ndi mchenga mkati.

Posunga, jumbo ayi. Sokosi yakale youma imaposa. Ikani pamalo opita mphepo, kutali ndi khoma lonyowa, ndipo timapaketi toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato musamataye. Kagudumu ka chingwe ndi kachogwirira ka handulo zilandire dontho pakatha maulendo atatu kapena anayi. Kutsegula m'mimba kamodzi pachaka n'kokwanira, ndipo ine ndimachita mu Epulo, mvula itatha chiperoni chisanayambe.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa mmisiri

- Mutu wa sikuluwu wayamba kudyeka. Mukapitiriza idzafunika kubooledwa.
- Beringi yamatirira ndi dzimbiri m'thupi la reel kapena pa shafiti ndipo siikusuntha ndi zala. Thupi la ma reel ambiri ndi pulasitiki wolimba kapena aluminiyamu, likang'aluka reel yatha.
- Shafiti yapindika, magiya adyeka, kapena sipulu yasiya kukwera ndi kutsika.
- Reel ndi ya Daiwa yolembedwa Magsealed. Imeneyo ili ndi oyilo wapadera wogwidwa ndi maginito amene amatchinga madzi. Mukamutsuka kapena kumusakaniza ndi oyilo wamba, chitetezocho chapita ndipo simungachibwezere ndi zapakhomo.
- Ikadali pa waranti. Kuitsegula kungakutayitseni ufulu woibweza.
- Mwamaliza kubwezera koma m'thireyi mwatsala kachitsulo. Musaiyese kumadzi.

Amisiri a ma reel enieni ndi osowa kuno. Funsani kumene amagulitsa zida zowedzera ku Blantyre, kapena owedza anzanu, kuti amapereka kwa ndani. Zikavuta, wokonza mawotchi kapena makina osokera ndiye ali ndi manja oyenera. Wokonza njinga za kabaza, ngakhale waluso chotani, anazolowera sipanala ndi girizi wambiri. Popita tengani tizidutswa tonse m'kabotolo kotseka, zithunzi zimene munajambula, ndi pepala la m'bokosi losonyeza ziwalo za reel ngati munalisunga. Likasowa, lembani dzina ndi nambala ya reel pa intaneti, mapepala a Shimano, Daiwa, Penn ndi Abu Garcia ambiri amapezeka. Ndipo mukafika muuzeni mmisiriyo zoona zake za chimene munathiramo, ngakhale atakhala mafuta ophikira, kuti adziwe chotsukira.